Kanyumba ka owomba nsalu ku Kilbarchan: anthuwa anali olemera kapena osauka?

Mayi a Tadala (Paisley):
Mwaswera bwanji nonse? Loweruka ndinali pa ofu, ndiye ndinatenga ana kupita ku Kilbarchan, kamudzi kapafupi ndi kuno. Kuli kanyumba ka owomba nsalu komangidwa mu 1723, pano kali m'manja mwa a National Trust for Scotland, bungwe losamalira malo akale kuno ku Scotland. Ine ndimayesa tikangoona zithunzi pakhoma, koma ayi ndithu. Mukatsikira chipinda chapansi mumapeza chowombera nsalu chamatabwa, cha zaka ngati 200, chikugwirabe ntchito. Mayi wina anakhalapo, mapazi akuponda timatabwa pansi, dzanja likukoka kachingwe, kabwato ka ulusi kakungothamanga uku ndi uku. Phokoso lake limamveka m'chifuwa. Koma zomwe zinandigwira mtima ndi mabedi. Bedi lake ndi kabati, yomatirira kukhoma, munthu amachita kukwera n'kulowamo. Tadala anandifunsa kuti, "Amayi, ankawatsekera muno akalakwa?" Otionetsa malowo anatiuza kuti cha m'ma 1830 mudzi umenewu unali ndi zowombera zoposa 800. Ndiye mwa inu amene munawerenga, tandiuzani, anthu amenewa anali olemera kapena osauka? Chifukwa kunja nyumbayo ndi yamiyala, yokongola, koma m'kati muli pothina ngati m'khola la nkhunda.

Bambo Kamanga (Glasgow):
Achemwali, musafulumire kuwamvera chisoni. Nthawi ina owomba nsalu anali mabwana pakati pa anthu ogwira ntchito zamanja. Cha m'ma 1790, makina opota ulusi atachuluka, ulusi unali mbwee koma owomba anali ochepa. Munthu ankadziikira yekha nthawi yoyamba ndi yoweruka, popanda kapitawo pamsana. Akatopa amatuluka kukalima kudimba kwake kapena kukatsutsana ndi anzake za ndale ndi za tchalitchi.

Nachisale (Limbe):
Bambo Kamanga, mwati "ankadziikira yekha nthawi". Chabwino. Nanga pamene iye ankatsutsana za ndale pakhomo, ulusi ankakulunga ndani? Ine ndine telala, ndimadziwa kuti palibe ntchito ya nsalu imene munthu amaimaliza yekha.

Bambo Kamanga (Glasgow):
Haha, mwandigwira pakhosi msanga mayi.

Aphunzitsi Mbewe (Zomba):
Ndalowa mochedwa, magetsi anathima. A Nachisale afunsa funso lenileni, ndipo ndiyankhe motalikirako pang'ono, mundikhululukire, ndi matenda a aphunzitsi.

Owomba a kumudzi ku Scotland anali a mitundu iwiri. Woyamba ndi wowombera anthu a m'dera lake. Banja linkaweta nkhosa kapena kulima kamunda ka fulakesi (mbewu imene phesi lake limatulutsa ulusi wa nsalu ya bafuta), amayi ndi atsikana n'kupota ulusi usiku m'nyengo yozizira, kenako n'kupita nawo kwa wowomba kuti awapangire mabulangete, nsalu zoyala pabedi kapena ya malaya. Malipiro ake nthawi zina anali ndalama, nthawi zina ufa wa oats, mbewu yonga tirigu. Wachiwiri, amene anadzachuluka pambuyo pake, ankawombera wamalonda wa m'tauni. Mtumiki wa wamalondayo ankabweretsa ulusi, n'kudzatenga nsalu ikatha, n'kulipira malinga ndi kutalika kwake. Akapeza polakwika, ankadula ndalama.

Tsopano taonani ulendo wa fulakesi asanafike kwa bambo uja. Sankamudula ayi, ankachita kumuzula ndi manja kuti ulusi ukhale wautali. Akatero amamuviika padziwe kuti phesi livunde, ndipo fungo lake linkaipitsa dera lonse. Kenako kuyanika, kumenya kuti makoko achoke, kupesa pa zipeso za mano achitsulo, ndiye kupota. Wowomba mmodzi ankafuna opota angapo kuti chowombera chisaime. Nsalu ya bafuta ikatuluka imakhala yotuwa, ndiye ankaiyala pa udzu kwa milungu yambiri, kuiwaza madzi, mpaka dzuwa liiyeretse. Mwa ntchito zonsezi, gawo lalikulu linali la akazi ndi ana. Boma nalonso linalowererapo: mu 1727 linakhazikitsa bungwe lolimbikitsa malonda a bafuta, ndipo nsalu yogulitsa inkayenera kuyezedwa ndi kudindidwa chidindo isanapite pamsika.

Yamikani (Dundee):
Aphunzitsi, ndiwonjezere kakang'ono. Mawu aja a Chingerezi akuti spinster, amene timawaona pa mafomu kutanthauza mkazi wosakwatiwa, poyamba ankangotanthauza mkazi wopota ulusi. Ndipo anthu a dzina la Webster amene timakumana nawo kuno, makolo awo anali owomba nsalu. Ndinadabwa nditamva.

Nachisale (Limbe):
Mwamva, Bambo Kamanga? Mpaka dzina la mbeta linachokera pa ulusi. Koma nsalu ikatuluka akuti "nsalu ya bambo uje". Mayi a Tadala, chinthu china chandivuta. Ulusi wa fulakesi kapena thonje umaduka msanga ukauma. Nanga iwowo ankatani, poti m'nyumba munkayaka moto tsiku lonse?

Mayi a Tadala (Paisley):
Eee, zimenezo anatifotokozera. N'chifukwa chake chowombera chinkakhala chipinda chapansi, ndipo nyumba zambiri pansi pake sankaika matabwa, linali dothi lokhalokha kuti muzikhala chinyezi. Ndiye taganizani, munthu kukhala m'chinyezi kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, m'dziko lozizira ngati lino, chifuwa atatsamiritsa pamtanda wa chowombera. Komanso ulusi woyalidwa m'litali pa chowombera ankaupaka phala lopyapyala la ufa ndi maburashi awiri, kenako timafuta pang'ono, kuti ulimbe ndi kuterera. Ana anga anaseka atamva kuti nsalu inkadya phala. Kukona kunali kawilo kokulungira ulusi pa timitengo tolowa m'kabwato kaja. Imeneyo ndiyo inali ntchito ya mayi, agogo ndi ana. Timitengo tikatha, bambo amangokhala manja lende.

Nachisale (Limbe):
Basi, mlandu watha. Mayi akadwala, chowombera chimadwalanso.

Bambo Kamanga (Glasgow):
Sindikukana ayi. Koma ndikufuna timvetsane kuti sanali anthu ongokhalira ulusi wokha. Wowomba wa kumudzi anali mlimi theka. Kuseri kwa nyumba kunali kadimba ka mbatatesi ndi masamba aja onga repu omwe kuno amawatcha kale, ena nkhumba imodzi, wamwayi ng'ombe yamkaka. Nthawi yokolola ikafika, banja lonse linkasiya chowombera kupita kukagwira ganyu yodula mbewu ndi zikwakwa m'minda ya alimi akuluakulu. Chakudya chinali phala la oats m'mawa, msuzi wamasamba masana, mbatatesi ndi mkaka kapena nsomba ya herring yothira mchere madzulo. Nyama inali ya apo ndi apo. Si chakudya chachifumu, koma amene anali ndi dimba sankagona ndi njala ngati mnzake wa m'tauni malonda akaima.

Wa ku Chigwa (Nsanje):
Pepani ndilowerere, ine ndimangowerenga masiku onse. Nkhaniyi yandikumbutsa agogo anga aamuna. Paja kuno ku Chigwa cha Shire Amang'anja ankalima thonje ndi kuwomba nsalu yawoyawo yotchedwa machila, azungu asanafike. Livingstone atakwera Shire mu 1859 anapeza anthu akupota ndi kuwomba m'midzi, mpaka analemba mitundu ya thonje imene anaiona, tonje manga ndi tonje kaja. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno opota ambiri anali amuna. Agogo anali atasiya kalekale kuwomba pamene ine ndinkabadwa, koma kamtengo kopotera ankakasungabe, ndipo ankakatcha njinga. Ine ndili mwana ndinkaseka kuti njinga yanji yopanda matayala.

Aphunzitsi Mbewe (Zomba):
A ku Chigwa, mwachita bwino kutchula Livingstone, chifukwa iyeyo thonje ankalidziwa ndi zala, osati za m'buku. Anabadwa pa 19 March 1813 ku Blantyre ya ku Scotland, m'chipinda chimodzi cha nyumba ya antchito a pafakitale yotchedwa Shuttle Row, momwe munkakhala mabanja 24. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito yolumikiza ulusi woduka pa makina opota thonje, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenako sukulu kwa maola awiri. Agogo ake anachoka pa chilumba cha Ulva mu 1792 kudzafuna ntchito pafakitalepo. Ndiye banja limenelo likutionetsa mbali ina ya nkhaniyi: anthu a kumudzi amene moyo unawakankhira ku fakitale. Blantyre yathuyi anaitcha dzinali mu 1876 pokumbukira kwawo kwa iyeyo.

Yamikani (Dundee):
Ndinapitako ku Shuttle Row chaka chatha. Chipindacho mukaimamo anthu asanu mwadzaza. Bedi lina linkalowa kunsi kwa linzake masana, usiku n'kulikoka.

Mayi a Tadala (Paisley):
Koma abale, funso langa lija. Ngati anali mabwana monga akunenera Bambo Kamanga, zinatha bwanji? Ndi makina basi?

Yamikani (Dundee):
Anti, anthu ambiri amangoti makina, koma malipiro anayamba kugwa makina owomba asanafalikire. Edmund Cartwright anapanga chowombera choyendera mphamvu mu 1785, koma panatenga zaka zambiri kuti chiyambe kugwira bwino. Chimene chinayamba kuwapweteka ndi kuchuluka kwa manja. Kuwomba nsalu wamba ya thonje sikunkavuta kuphunzira, ndiye aliyense wosowa pogwira ankalowamo: ochotsedwa m'minda, ochokera kumapiri a kumpoto, ochokera ku Ireland, ndipo nkhondo ya Napoleon itatha mu 1815, asilikali obwerera kwawo. Wamalonda akatsitsa mtengo, wina akakana, pakhomo lotsatira wina amavomera. Ndipo mtengo ukatsika banja silinkasiya, linkangowonjezera maola ndi kukhazika mwana pa chowombera chachiwiri. Nsalu n'kuchulukirachulukira, mtengo n'kutsikiratsikira. Makina anadzangomaliza munthu amene anali atagwa kale.

Nachisale (Limbe):
Mwana iwe, wanena za moyo wanga. Chaka china ndinatenga oda ya mayunifolomu pa sukulu ina, sinditchula dzina. Tinagwirizana mtengo, ndinagona pa makina milungu iwiri, mwana wanga wamkazi akusokerera mabatani mpaka zala kutupa. Pokapereka akuti makola ena apendama, adula ndalama. Nditadandaula anangoti, "Matelala ndi ambiri mayi." Ndiye wamalonda uja wodula ndalama chifukwa cha polakwika, ine nkhope yake ndikuidziwa.

Mayi a Tadala (Paisley):
Pepani achemwali. Kuno ku Paisley nkhani yofanana ndi imeneyo anaisandutsa chikondwerero. Pa mashawelo aja otchuka a Paisley pankalowa kaulusi kathonje komanga nsalu yonse koma kosaoneka pamwamba, ankakatcha sma' shot. Poti sikankaoneka, amalonda ankakana kukalipira, chikhalirecho popanda iko shawelo ingangomasuka. Owomba analimbana nawo mpaka anapambana mu 1856. Mpaka lero Loweruka loyamba la July kumakhala Sma' Shot Day, anthu amaguba m'tauni, pamapeto n'kuwotcha chidole cha wamalonda, amene ankamutcha Cork. Ndakhala ndikuonera zaka zinayi ndi ana osadziwa kuti akuwotcha ndani.

Bambo Kamanga (Glasgow):
Ndipo sikuti nthawi zonse zinkathera pa chidole. Mu 1787 owomba a ku Calton, umene nthawiyo unali mudzi kunja kwa Glasgow, ananyanyala ntchito malipiro atadulidwa. Asilikali anaombera, anthu asanu ndi mmodzi anafa. Mmodzi wa atsogoleri, James Granger, anamukwapula m'misewu ya Edinburgh n'kumuthamangitsa m'dziko kwa zaka 7. Mu 1812 anayesa njira ya khoti, khoti linagwirizana nawo pa mitengo, amalonda anangonyalanyaza, ndipo atanyanyala ntchito omangidwa anali atsogoleri a owomba. Pofika 1820 ena anatola zida. John Baird ndi Andrew Hardie, onse owomba nsalu, ananyongedwa ku Stirling chaka chomwecho, pomwe James Wilson wa ku Strathaven ananyongedwa ku Glasgow. Ndikamadutsa ku Calton popita kuntchito ndimakumbukira zimenezi.

Aphunzitsi Mbewe (Zomba):
Pamenepo mwabwerera m'tauni, a Kamanga. Ine ndikubwezereni kumudzi, ku Fenwick m'chigawo cha Ayrshire. Mu 1761 owomba a m'mudzimo, osakwana ndi 20 omwe, anasainirana pangano loti azigwira ntchito mokhulupirika, azitchaja mitengo yofanana, ndipo azisonkha kangachepe kothandizira mnzawo akadwala kapena akaferedwa. Mu 1769 anayamba kugula ufa wa oats wambiri pamodzi n'kumagulitsana motchipa m'nyumba ya mmodzi wa iwo. Mu 1808 anatsegula laibulale. Ambiri amati imeneyi ndi imodzi mwa makopaletivi oyambirira pa dziko lonse. Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti sanayambe ndi zazikulu. Anayamba ndi thumba la ufa.

Wa ku Chigwa (Nsanje):
Ndiye banki m'khonde inayamba kalekale eti, aphunzitsi?

Aphunzitsi Mbewe (Zomba):
Haha, tingotero, kungoti iwowo m'malo mwa khonde anali ndi chipinda cha chinyezi.

Nachisale (Limbe):
Ine ndikadali pa amayi aja. Zinthu zitavuta chonchi, banja linkadya chiyani? Musandiuze za mabungwe, ndiuzeni za m'khitchini.

Yamikani (Dundee):
Amayi, chitsanzo chabwino ndi banja la Andrew Carnegie, uja anadzakhala mpondamatiki wa zitsulo ku America. Anabadwa mu 1835 ku Dunfermline, m'kanyumba komwe pansi panali chowombera, banja likugona m'chipinda cham'mwamba. Bambo ake, William, ankawomba bafuta wamaluwamaluwa wa pathebulo, ntchito yaluso kwambiri, ndipo nthawi ina anali ndi zowombera zingapo. Ntchito itayamba kusowa, amene anagwira banja ndi mayi ake, Margaret. Anatsegula kagolosale m'nyumba, usiku n'kumasoka nsapato. Mu 1848 anagulitsa zowombera ndi katundu, ndalama osakwana, anachita kukongola kuti akwere sitima ya pamadzi kupita ku Pennsylvania. Kumeneko Andrew, ali ndi zaka 13, anayamba ntchito yosintha timitengo ta ulusi m'fakitale ya thonje, akulandira $1.20 pa sabata. Kanyumbako kalipobe ku Dunfermline, anthu amakaona.

Nachisale (Limbe):
Mwaona? Kagolosale ndi nsapato. Bambo waluso wakhala pansi akudikira oda, mayi akusoka ndi nyali. Ndipo ndikhulupirira kuti mabanja ambiri a Margaret ngati ameneyu sanabereke Carnegie, anangokalamba ndi singano m'manja, palibe anawalemba dzina.

Bambo Kamanga (Glasgow):
Apo sinditsutsa. Koma tisamuweruze kwambiri bamboyo. Munthu waphunzira ntchito imodzi kuyambira ali mnyamata, msana unapindikira pa chowombera, mudzi wonse umamudziwa ndi luso limenelo. Kumuuza kuti akalowe m'fakitale, belu lizimuitana ngati mwana wasukulu, chinali chinthu chowawa. Ambiri ankatumiza ana awo aakazi ku fakitale, iwo n'kutsala pa chowombera chawo mpaka imfa.

Mayi Jere (Inverness):
Ndabwera mochedwa, ndinali pa naiti. Mukunena ngati zonse zinatha, koma kuzilumba za kumadzulo, monga ku Lewis ndi Harris, anthu akuwombabe pakhomo mpaka lero. Lamulo la mu 1993 limati nsalu singatchedwe Harris Tweed pokhapokha itawombedwa ndi manja ndi anthu a pazilumbazo, pakhomo pawo. Ndinapitako ndi mnzanga wakuntchito amene kwawo n'komweko. Amalume ake ali ndi kashedi kuseri kwa nyumba, chowombera chake chopalasa ngati njinga, panja nkhosa zikudya. Akaona kunja kwacha bwino amatseka shedi kupita ku nkhosa, ndendende zimene amanena Bambo Kamanga.

Agogo a mnzangayo anandifotokozera za kale. Ubweya ankaunyika mu utoto wa ndere zokanda pamiyala, zotchedwa crotal, zimene zimapereka mtundu wofiirira. Nsalu ikachoka pa chowombera imakhala yolekanalekana, mphepo imadutsa, ndiye amayi a m'mudzi ankasonkhana kuzungulira thabwa lalitali, nsalu ataiviika mu mkodzo wogonetsa, n'kumaimenyetsa pathabwapo, akupatsirana, mpaka ikhwinyate ndi kulimba. Inde, mkodzo, ankausunga mu mbiya dala. Pogwira ntchitoyo ankaimba m'Chigaeliki, chilankhulo cha kumeneko, mmodzi kutsogolera ena kuvomera, ndipo kubwereza nyimbo imodzi kawiri pa nsalu yomweyo ankati ndi tsoka. Agogowo atandiimbira pang'ono, akumenya patebulo ndi manja, ine ndinamva ngati ndili pamtondo kwathu.

Mayi a Tadala (Paisley):
Mkodzo, achemwali! Tadala ndisamuuze, jekete la bambo ake la tweed angaliponye kubini.

Mayi Jere (Inverness):
Haha, muuzeni kuti masiku ano amachapa ku fakitale ndi sopo.

Nachisale (Limbe):
Koma taonani, ngakhale kumeneko, womaliza nsalu anali amayi khumi pathabwa. Mayi Jere, mukadzabwera kumudzi mundigulireko kachidutswa, ngakhale theka la mita. Ndikufuna ndiione ndi zala zanga, ndione ngati singano ya makina anga ingaboole.

Mayi Jere (Inverness):
Ndamva amayi. Koma konzekani, mtengo wake ndi wa thumba la feteleza.

Bambo Kamanga (Glasgow):
Amene muli kuno ku Scotland, bwanji tipangane tikakumane ku Paisley pa Sma' Shot Day, kenako tsiku lina ku Kilbarchan ndi ana? Mayi a Tadala, mufufuze masiku amene kanyumbako amatsegula, paja malo ngati amenewa satsegula chaka chonse.

Mayi a Tadala (Paisley):
Ndifufuza ndiika pano. A ku Chigwa, njinga ya agogo ija ilipobe? Mutijambulire, ndikufuna ndikawaonetse amayi owomba aja ku Kilbarchan.

Wa ku Chigwa (Nsanje):
Ndinaiona komaliza itasomekedwa kudenga la nyumba ya azakhali, madzi osefukira a 2015 asanabwere. Ndiwaimbira mawa akayang'ane, ngati chiswe chinaisiya.